Kabowo Kopumira

Fungo la palafini wotsukira burashi likandipeza, ngakhale ndili pakati pa anthu m'tauni, ndimabwerera kumudzi kwathu kuseri kwa Chezi, n'kuwaona agogo a Yotamu atakhala pa chitini chozondotsa pansi pa mtengo wa mango, akufinya burashi ndi zala zawo zokhakhala, nkhungu ya m'mawa ikutsetsereka kuchokera kumapiri a Ntchisi, utsi wa m'nyumba zofukizira fodya wa chikopa ukukwawa pansi osafuna kukwera. Kumudziko kunkakhala zii m'mawa wotero. Unkangomva madontho a palafini akugwera m'chitini, ndi nkhunda imodzi yosatopa kulira.

Agogo a Yotamu anali bambo a atate anga. Ntchito yopenta anaiphunzira kwa amishoni akali mnyamata, ndipo anapenta masukulu, zipatala ndi nyumba za akalaliki kuyambira ku Dowa mpaka ku Ntchisi, makwerero atamangirira panjinga. M'zikhadabo zawo munkakhala mitundu itatu kapena inayi, ngakhale tsiku la mgonero. Anali mkulu wa mpingo, ndipo nkhani za afiti ndi mizukwa ankazinyoza poyera. Munthu akawauza kuti kadzidzi walira padenga, iwo ankafunsa ngati padengapo pali makoswe. "Chilichonse chili ndi chifukwa chake," ankatero, n'kupitiriza ntchito yawo.

Ine ankanditchula mkazi wawo wamng'ono, monga achitira agogo ndi zidzukulu zawo zazikazi, ndipo poti panalibe wina wowamvetsera, zonse za penti ankazitsanulira mwa ine. "Chipinda chili ngati munthu, mkazi wanga. Usanachiveke, yamba wafunsa ntchito yake." Kukhitchini ankapaka penti wa mafuta, wonyezimira uja, chifukwa mwaye ukagwira umangopukuta ndi kansalu konyowa. Pabalaza khoma ankaligawa pawiri: kuchokera pansi kufika paphewa wa mafuta, chifukwa cha zala za ana ndi misana ya alendo, kumtunda wa madzi, poti wonyezimira amaulula paliponse pamene womata pulasitala analakwitsa. Kunja ndi kosungira chimanga ankapaka laimu wothira mchere pang'ono kuti asamatsalire m'zovala. Mwini golosale wina anawakakamiza kupaka wa mafuta pa khoma losauma, kuti sitolo iwale msanga. Mwezi usanathe khoma linatuluka matuza, ndipo agogo podutsa pa njinga ankangoti, "Chikomekome cha nkuyu," osamaliza n'komwe mwambiwo.

Koma lamulo lomwe sankalola kukambirana linali la kuchipinda chogona. Kumeneko n'kwa penti wa madzi basi. "Wa mafuta amatseka khoma. Khoma limapuma, ndipo wogonamo amapuma nalo. Munthu sagona m'chitini."

Atate anali mphunzitsi wa pulayimale. Atamanga nyumba yathu ya njerwa zootcha ndi malata, agogo anapenta zipinda zonse kupatula chogona cha atate ndi amayi, chomwe chinamatidwa pomaliza, mvula ili pakati. Anati chidikire chilimwe chimodzi kuti chiume. Chilimwe chinabwera n'kupita, chinanso n'kupita, atate akungoti mawa, mawa. Chipindacho ndimo ankachongera makope akaweruka, atakhala pabedi, atatsamira khoma, kuwala kwa pazenera kukugwera pamiyendo pawo. Atate ankakonda kutchena. Tsitsi ankalidzoza mafuta mpaka kunyezimira, n'kulipesa seda yowongoka ngati yolemba ndi rula, ndipo amayi ankadandaula kuti mapilo sakuyera.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene ukayenda unkayenera kusiya phazi, osati mlomo. Ndinali ndi zaka khumi. Lachiwiri lina masana, dzuwa lili paliwombo, galimoto ya boma inaima pamphambano, ndipo amuna awiri ovala majekete anabwera wapansi. Anali aulemu kwambiri. Mmodzi anapempha madzi akumwa, n'kuthokoza ndi manja awiri. Anati akukacheza ndi aphunzitsi pang'ono ku boma. Atate anatuluka atavala nsapato zopanda sokosi, ndipo cholembera chawo chofiira anachisiya pabedi chosatseka.

Chimene analakwa sitinauzidwe. Ena amati anayankhula china chake pamaliro, ena amati ndi kalata yosasainidwa yochokera kwa mphunzitsi mnzawo. Chomwe ndinaona ine n'chakuti dzina lawo linazimiririka m'kamwa mwa anthu. Kuchitsime amayi akafika, nkhani inkatha. Kutchalitchi benchi yathu inayamba kukhala ndi malo ambiri. Wofunsa, ngati analipo, amayi ankamuyankha kuti bambo a Nelesi ali pa ulendo. Nelesi ndine, ndipo ndinkadana nawo mawu amenewo, chifukwa munthu wa pa ulendo amatumiza kalata.

Chinthucho ndinayamba kuchiona ndine, mvula yoyamba itadutsa. Ndinalowa kuchipinda cha atate ndi amayi masana kukatenga lumo, malata akuthetheka ndi kutentha, m'nyumba mulibe wina aliyense. Pa khoma, pamwamba pa bedi, panali munthu. Litsiro la pamene atate ankatsamira linalipo kale, koma chinyezi cha mvula chinalidetsa n'kulipatsa malire: mutu, khosi, mapewa awiri, mutuwo utapendekekera pang'ono kumanzere monga ankachitira akamawerenga kope la mwana wolemba moipa. Panalibe maso, panalibe pakamwa, komabe unkadziwa kuti akuyang'ana kumene waima. Ndinaima pakhomo mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako, ndisabise, ndinagwada n'kupereka moni.

Amayi atachiona anangokhala pabedi moyang'anana nacho, manja ali pamiyendo, mpaka nkhuku zinalowa pabalaza. Kuyambira pamenepo chitseko cha chipindacho chinkakhala chotseka.

Koma mudzi ndi mudzi. Mayi wina wobwereka sefa anasuzumira pazenera, ndipo nkhani pofika kumsika wa Lachisanu inali itamera miyendo: akuti mkazi wa mphunzitsi uja wajambula mwamuna wake pa khoma, akuti amachigwadira chithunzicho, akuti chimayankha. Masiku amenewo nkhope yoyenera kukhala pa khoma inali imodzi yokha m'dziko lonse, ndipo sinali ya atate. A tcheyamani a chipani a m'mudzi mwathu anabwera akumwetulira, chipewa chili m'manja. Sanali munthu woipa, anali munthu wamantha, zomwe nthawi zina zimafanana. Anakana kulowa m'nyumba.

"Amake Nelesi, wakutsina khutu ndi mnansi," anatero. "Akuti m'nyumba muno muli chithunzi cha munthu amene boma silikumufuna. Ine sindinachione, ndipo sindikufuna kuchiona. Mwandimva?"

Tsiku lomwelo amayi anasungunula laimu n'kupaka okha ndi tsache. Khoma linayera mbee. Tsiku loyamba panalibe kanthu, lachiwiri panalibe kanthu. Tsiku lachitatu m'mawa mutu unayamba kuonekera, wachikasu ngati tiyi wotayikira pa nsalu, ndipo pofika masana mapewa anali atabwera. Amayi anandituma kwa agogo.

Agogo anafika ndi zida zawo, n'kuima patsogolo pa khomalo nthawi yaitali. Anapala laimu yense, n'kupaka penti wa madzi wamtambo, kawiri, mosamala ngati akupenta guwa la m'tchalitchi. Tsiku lachitatu atate anatulukanso. Agogo anapakanso, atate anatulukanso. Zinachitika kanayi m'miyezi itatu. M'mudzi anthu anasiya kudutsa njira ya kuseri kwathu, ndipo ana anzanga ankati mzimu wa atate ukufuna kumetedwa maliro. Chomwe chinkandiopsa ine sichinali khoma ayi, koma agogo. Munthu amene ankapezera chifukwa kadzidzi aliyense anali chete. M'mawa uliwonse ankabwera, n'kuvula chipewa pakhomo pa chipindacho, kuyang'ana, n'kubwerera kwawo akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi.

Ndinawapeza pansi pa mango akutsuka burashi, ndipo ndinafunsa mosazungulira. "Agogo, kodi uja ndi mzimu wa atate?"

"Mzimu wa chiyani? Ndi mafuta a m'mutu aja. Anamwerera mu pulasitala zaka ziwiri. Mafuta ndi madzi sizimvana, mkazi wanga. Ukapaka wa madzi pamwamba pa mafuta, mafutawo amaboola n'kutuluka. Wophunzira ntchito amazidziwa zimenezi sabata yoyamba."

"Nanga chingawatseke n'chiyani?"

"Wa mafuta mnzake. Kupaka katatu."

"Ndiye bwanji simukupaka?"

Anatsuka burashi yomwe inali itayera kale. Ndinkamva madontho akugwera m'chitini, limodzi limodzi. "Atate ako ali moyo?" anandifunsa. "Iwe sudziwa. Amako sadziwa. Ine ndapita ku boma katatu, amandiuza kuti dzina limenelo alibe. Ndikudziwa kuti ndi mafuta. Koma tsiku limene ndamuona watuluka pa khoma paja, chakudya chimalowa." Sanandiyang'ane, ndipo ine ndinachoka ndisanatsanzike.

Mwezi wa Juni, chaka chachiwiri atate atatengedwa, a tcheyamani anabweranso. Ulendo uno sankamwetulira. Nkhani inali itafika kumtunda. Anati Loweruka kukubwera anthu a ku boma kudzaona ndi maso awo. "Akachipeza, amake Nelesi, inunso mukwera galimoto ija. Nanga mwanayu atsala ndi yani?"

Madzulo ake amayi anachita chomwe ndinali ndisanachionepo. Kwathu mpongozi sayankhula ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Amagwada patali, n'kuyankhulira kumbali. Amayi anapita kwa agogo, n'kugwada pafupi mpaka bondo lawo linakhudza chitini.

"Bambo, ndamva kuti mankhwala ake mukuwadziwa." Anayang'ana kwa ine, ndipo ndinachita manyazi, chifukwa wowauza ndinali ine. "Uja ndi mwana wanu, kwa ine ndi mwamuna wanga. Inenso ndimamupatsa moni m'mawa. Koma mwana ali apayu akupuma, ndipo alibe kwina kopita."

Agogo anayang'ana kumapiri. "Ndamva, mama," anatero.

Lachitatu anabwera ndi chitini chachikulu chomwe chinatsala pa ntchito ina ya boma. Wa mafuta amene anali naye wokwanira chipinda chonse anali yekhayo, wobiriwira moderako, uja timamuona m'makonde a zipatala. Anati apenta makoma onse anayi, chifukwa chigamba pa khoma limodzi chikanaloza chala pamalopo. Sabata imeneyo nkhungu inatsika kuchokera ku Ntchisi n'kukhala pamudzi masiku atatu osachoka, moti masana ankaoneka ngati m'bandakucha, ndipo mawu a anthu ankamveka osaona mwini wake. Agogo anatseka zenera kuti fumbi lisagwere pa penti, n'kudzitsekera m'katimo. Fungo linadzaza nyumba yonse, linalowa m'madzi akumwa, linalowa m'zovala. Kunja tinkangomva burashi ikukwera ndi kutsika, ndi agogo akutsokomola. Penti wa mafuta amafuna tsiku lathunthu kuti aume, ndiye ankapaka kamodzi patsiku.

Lachisanu mtima unandikwera. Ndinamenya chitseko ndi zibakera, ndikulira, n'kunena mawu omwe mwana sanena kwa agogo ake. "Mukuwapha. Mumanena nokha kuti munthu sagona m'chitini. Mukuwapha atate ndi dzanja lanu." Ndinaiwala kuti pakamwa panga ndi pomwe panabweretsa chitinicho.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Maso a agogo anali ofiira ndi fungo lija. "Lowa, utseke."

Chipinda chinali chasanduka china. Makoma ankanyezimira ngati anyowa, ndipo ndinkadziona ndekha m'menemo, wobiriwira, wopanda nkhope. Atate panalibe. Koma pamwamba pa bedi, pakati pa pamene panali mutu, panamatirira kachitsekerero ka botolo. Agogo anakazula ndi nsonga ya mpeni. Pansi pake panali kamalo kozungulira, kochepa ngati tambala, komwe burashi ya mafuta sinafike masiku onse atatu. Anatenga kachitini kena, momwe anali atasakaniza penti wa madzi mpaka kufanana mtundu ndi winayo, n'kudontheza pamalopo ndi nthenga ya nkhuku.

"Apa ndi pamphuno," anatero motsitsa mawu. "N'popumira. Usauze munthu. Ulendo uno ngakhale amako."

"Koma agogo, si munati ndi mafuta chabe?"

"Ndi mafuta chabe. Tuluka, ungadwale mutu."

Loweruka anthu aja anabwera atatu. Analowa ndi nsapato, anasuntha bedi, anayang'ana kuseri kwa chitseko. Mmodzi anayendetsa chikhatho pa khoma, n'kudutsitsa chala pafupi penipeni ndi kamalo kaja, ine mpweya nditaugwira. "Penti wabwino uyu, madala," anawauza agogo. "Ngati wa kuntchito kwathu." Anzake anaseka. Ife sitinadziwe choseketsa, koma tinamwetulira, poti masiku amenewo unkamwetulira.

Tsiku lachitatu kamalo kaja kanada. Kanali kadontho chabe, koti wosadziwa akanati ndi ntchentche yofera pa penti.

Amayi sanagonemonso m'chipindacho. M'mawa wozizira makoma ankachita thukuta, madzi n'kumatsetsereka m'mizeremizere mpaka pansi, ndipo zovala zinayamba kununkha nkhungu. Pouma panali pa kadontho paja pokha. Nthawi zina ndinkakwera pabedi n'kuyandikitsa tsaya, ndipo ndikulumbira kuti ndinkamva kamphepo kozizira, kakubwera, kakuleka, kakubwera. Nditawauza agogo anati ndi mphepo ya pazenera. Sindinawakumbutse kuti zenera linali lotseka. Iwo burashi anaisiya kuyambira sabata imeneyo, akuti phewa likuwawa, koma m'mawa uliwonse ankabwerabe, kuvula chipewa, kuyang'ana kadontho, n'kubwerera.

Atate anabwera ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Anatsika pa lole ya fodya masana, atanyamula kathumba ka pepala, ndipo galu wathu anawauwa. Sanauzidwe chifukwa chowatengera, sanauzidwenso chifukwa chowatulutsira. Tsitsi lija linali litatha, mano akutsogolo awiri kunalibe. Anthu omwe anaiwala dzina lawo analikumbukira tsiku lomwelo. Titalowa m'nyumba, amayi anatsegula chipinda chija, ndipo atate atangoona makoma obiriwirawo anagwira mphuthu ya chitseko ndi manja onse awiri.

"Ndani wandibweretsera chipinda chija kuno?" anafunsa. Apo ndi pomwe ndinamvetsa chimene anthu a ku boma aja ankaseka: wobiriwira uja ndiye ankapaka m'ndende. Atate sanapondemo, mphasa yawo ankayala pabalaza.

Za kumene anali sankanena. Koma tsiku lina masana tikutonola chimanga pakhonde, ine, amayi, iwo ndi agogo, anangoyamba okha, maso ali pa chitsononkho.

"Chaka chachiwiri, mwezi wa Juni, ndinatsala pang'ono kupita. Sikuti ndinadwala. Lachitatu lina ndinangoyamba kumva fungo la penti. Ndifunse anzanga, palibe akulimva, ndipo panalibe amene ankapenta. Lachinayi chifuwa chinatseka, ngati wina wandikulunga m'chikopa chonyowa. Pofika Lachisanu anzanga anali atayamba kuliyang'ana bulangete langa. Koma masiku onse atatuwo panali ngati kabowo kamodzi, kakang'ono, kolowera mphepo." Anagwira nsonga ya mphuno yawo. "Apa. Ndinkapumira pamenepo."

Ndinayang'ana agogo. Chimanga chinali chitawapulumuka m'manja, chikugubudukira pabwalo, ndipo nkhuku zinachithamangira popanda woziingitsa.

"Chinali chifuwa cha chisanu," anatero agogo. "Juni kumazizira. Chilichonse chili ndi chifukwa chake."

Anadzuka movutikira, n'kupita kwawo. Anabwerako ndi chitsulo chopalira, n'kulowa m'chipinda chija, ndipo tinamva kukwecha kukuyamba. Nditasuzumira ndinaona kuti ayambira pa kadontho paja, akukakulitsa. Anali nkhalamba, ndipo wa mafuta wopaka katatu sachoka mwaulemu. Zinawatengera masabata atatu, osalola munthu kuwathandiza, phewa lija osalitchulanso. Kenako anapaka wa madzi, wamtambo, zenera lili lotsegula.

Tsiku lachitatu munthu wa pa khoma anatulukanso, mwini wake ali pabalaza akumwa tiyi. Atate analowa, n'kumuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anakhala pabedi n'kutsamira pomwepo, mutu pa mutu. Ndinalira, ndipo sichinali chisangalalo chokha ayi. Mapewa a pa khoma anali otambalala kuposa awo, ankatulukira mbali zonse ziwiri. Agogo anaona zomwe ndinaonazo, n'kuvala chipewa chawo. Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanagwe, m'zikhadabo mukali zobiriwira.

Lero ndine mayi wamkulu, ndili ndi nyumba yangayanga. Anyamata openta a masiku ano amabwera ndi mapepala a mitundu, n'kumandinyengerera kuti wonyezimira ndiye wamakono, sachedwa kupukuta, ndipake nyumba yonse. Ndimawafunsa ntchito ya chipinda chilichonse, ndipo amandiona ngati wovuta, zomwe sindikana. Kukhitchini ndimalola wa mafuta, koma ndimayamba ndamata kachitsekerero ka botolo kuseri kwa chitseko. Akafunsa ndimati ndi mwambo wa kwathu.

Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, ndipo uno ndi mwezi wachisanu foni yake isakupezeka. Kuchipinda kwake, pamene ankatsamira akumvera mpira pa wailesi, pali podera. Ndikudziwa kuti ndi mafuta a m'mutu chabe. Wopenta anandiuza kuti akhoza kupatseka ndi chitini chimodzi, ndipo ndinamuuza kuti apake wa madzi. M'mawa uliwonse, ndisanatereke madzi a tiyi, ndimayamba ndapita kukaona.